Mutu 9: Ajeremani Ali Kwawo

Munthu wokhala pa Manjawira amaliona dziko la Germany likudutsa pamsewu tsiku lililonse, kungoti salizindikira. Mathiraki a Mercedes-Benz ndi MAN amene amabangula usiku pa M1, kuchokera ku Zalewa kulowera ku Ntcheu, mayina awo ndi a kumeneko. Anyamata okonda mpira amadziwa Bayern Munich ndi Borussia Dortmund. Ana a sekondale amaloweza za Hitler kuti akhoze mayeso. Akuluakulu akale nawo ankasimba za nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918, imene Angerezi anatolera amuna ambiri a dziko lino, ena usilikali, ochuluka utengatenga, kuti akalimbane ndi Ajeremani amene pa nthawiyo ankalamulira Tanganyika. Nkhondoyo inafika pakhomo penipeni: pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann padoko limene lero ndi Liuli, tsidya la nyanja yathu, ndipo pa 9 Seputembala chaka chomwecho anthu anaphana ku Karonga.

Koma galimoto, mpira ndi nkhondo sizikutiuza mmene munthu amakhalira pakhomo pake. Amadya chiyani madzulo? Amayambana ndi mnansi wake pa nkhani yanji? Akafa amamuika ndani? Pa mafunso otere mlendo amafulumira kuweruza, ndipo chiweruzo cha Amalawi ambiri amene anakhalako kumeneko chimakhala chimodzi: anthu aja ndi ouma mtima. Eni ake amaifotokoza mwina nkhaniyi, ndipo ndi bwino kuwamvera.

Akangoyamba kufotokoza, amakuchenjezani kuti Ajeremani si amodzi. Dzikolo lili ndi anthu pafupifupi 83 miliyoni, kukula kwake ndi katatu kukula kwa Malawi, ndipo lili ndi zigawo 16, chilichonse ndi nyumba yake ya malamulo komanso kayendetsedwe kake ka sukulu. Linakhala dziko limodzi mu 1871. Makabudula achikopa amene timaona pazithunzi ndi a ku Bavaria, chimodzimodzi chikondwerero cha mowa cha Oktoberfest chimene chinayamba ku Munich mu 1810; munthu wa ku Hamburg mukamufunsa za kabudula wake wachikopa amangokuyang'anani. Kuyambira 1949 mpaka 1990 kunali mayiko awiri, la kuvuma ndi la kuzambwe, ndipo ngakhale khoma la Berlin linagwa mu 1989, malipiro a kuvuma akadali otsikirapo mpaka lero. Komanso munthu mmodzi mwa anayi alionse, kapena kuposerapo, ndi wobwera kapena mwana wa obwera. Gulu lalikulu mwa iwo ndi la amene mizu yawo ili ku Turkey, kumene dzikolo linayamba kukatenga antchito mu 1961.

Chimene chimawagwirizanitsa, kumpoto ndi kummwera komwe, ndi wotchi. Pasiteji ya Manjawira minibasi imanyamuka ikadzaza, ndipo msonkhano wa kwa amfumu umayamba anthu akafika. Kwa Mjeremani nthawi ndi katundu wa mwini wake. Mukachedwa ndi mphindi 15 osaimba foni, iye amaona kuti mwamulanda chinthu chimene simungamubwezere. N'chifukwa chake kulibe zongotulukira pakhomo pa munthu n'kunena odi. Ngakhale mwana wobereka yekha amayamba wawaimbira mayi ake, n'kupangana tsiku, n'kulilemba pakalendala. Ife timaona ngati mwano. Iwo amati ndi ulemu: mayiwo ali ndi zochita zawo, ndipo ayenera kupeza mpata wophika keke.

Chodabwitsa n'chakuti sitima zawo za pamtunda, zimene dziko lonse limaziyesa chitsanzo, masiku ano zimachedwa. Kampani ya Deutsche Bahn inavomereza yokha kuti mu 2024 sitima za maulendo ataliatali zimene zinasunga nthawi zinali 62.5 peresenti basi. Mukafuna kucheza ndi Mjeremani amene simukumudziwa, dandaulani za sitima. Kudandaula amakukonda kwambiri, ndipo amadziseka okha pa khalidwe limeneli.

Moni ndiye wovuta. M'mizinda munthu amakudutsani osakuyang'ana n'komwe, koma yemweyo akalowa m'chipinda chodikirira dokotala amapereka moni kwa onse, potuluka n'kutsazika. Funso loti muli bwanji salifunsa mwachizolowezi; akakufunsani ndiye kuti akufuna yankho, ndipo inu mukawafunsa, konzekani kumva za msana ndi bondo. Chiyankhulo chawo chimasiyanitsa inu ndi iwe monga chathu, ndipo wamkulu ndiye amapereka chilolezo choti muyambe kutchulana iwe. Anthu akhoza kugwira ntchito mu ofesi imodzi zaka zambiri akuitanana bambo uje, mayi uje. Pokana sazungulira. Kuno munthu akati ndiona, tonse timadziwa kuti wakana, ndipo tapulumutsana manyazi. Uko ayi ndi ayi, amanenedwa pamaso, ndipo wokanayo sadziwa n'komwe kuti wakupwetekani. Ubwino wake ndi woti akati bwerani Loweruka tidzadye, Lowerukalo mbale yanu imakhala pathebulo.

Oposa theka la mabanja amakhala nyumba za lendi, ndipo sachita nazo manyazi: lamulo limamuteteza wobwereka kotero kuti landilodi sangangodzuka n'kumutulutsa, moti anthu amakalambira m'nyumba ya eni. Nyumba zambiri ndi zosanjikizana, mabanja angapo khomo limodzi, ndipo apa ndi pamene pamachokera malamulo amene amazunguza mlendo. Mukasamuka, pasanathe masiku 14 mukalembetse ku ofesi ya mzinda. Kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko mmawa phokoso ayi. Zinyalala zili ndi migolo yakeyake: mapepala kwaokha, zotsala za kukhitchini kwaokha, mapulasitiki kwaokha, mabotolo agalasi motsata mtundu. Botolo lapulasitiki la chakumwa lili ndi chikole cha masenti 25 chiyambire 2003, ndipo mukalibweza m'makina a m'sitolo ndalamayo imabwerera. Osauka a m'mizinda amatola mabotolo amenewa kuti apeze ya buledi. Cha ku Stuttgart kuli mwambo wosesa mosinthana: kachikwangwani kamapachikidwa pachitseko cha banja limene sabata imeneyo likolope masitepe ndi kusesa pabwalo. Mukazemba, palibe amene akutukwaneni. Mudzangopeza kakalata kopanda dzina pakhomo.

Lamulungu dziko lonse limakhala zii. Masitolo amatseka, kupatula a m'masiteshoni akuluakulu, pomwetsera mafuta ndi ophika buledi kwa maola ochepa. Mpumulo wa tsikuli unalembedwa m'malamulo aakulu a dziko mu 1919 ndipo unasungidwa m'malamulo a 1949. Osayesa kukhoma msomali kapena kutchetcha kapinga ndi makina. Musaganize kuti anthuwo ali kutchalitchi. Mamembala a mipingo iwiri ikuluikulu, wa Katolika ndi wa Chipulotesitanti, tsopano sakwana theka la anthu onse, ndipo ambiri amatuluka pothawa msonkho wa mpingo, umene boma limadula pamalipiro, 8 kapena 9 peresenti ya msonkho umene munthu amapereka kale. Mulungu ambiri anamusiya, koma tsiku lake analigwiritsa.

Ambiri tsikulo amapita kukayenda m'nkhalango, popanda chimene akukafuna. Nkhalango ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dziko lonse, ndipo lamulo limalola aliyense kuyendamo ngakhale ili ya munthu, koma nkhuni simungatole popanda chilolezo. Munthu woona matumba a makala ali ndandanda m'mbali mwa msewu kuyambira pa Manjawira mpaka ku Zalewa angaganize kuti Ajeremani anabadwa okonda mitengo. Ayi, nawonso anaipululapo. Migodi ya siliva ya ku Saxony inadya nkhalango mpaka mitengo inayamba kusowa, ndipo mu 1713 mkulu woyang'anira migodiyo, Hans Carl von Carlowitz, analemba buku lolangiza kuti asamadule yoposa imene ingamere. Inali nkhani ya chuma: mgodi wopanda matabwa ndi makala ukanatsekedwa.

Kukhitchini munthu wa ku Ntcheu angakhumudwe. Chakudya chotentha, mwa mwambo wakale, ndi cha masana. Madzulo amadya buledi wozizira ndi tchizi kapena soseji, basi, n'kukagona. Kwathu kuno tikananena kuti tagona ndi njala. Koma buledi wakewo si uja wofewa wa m'magolosale. Ndi wakuda, wolemera, wowawasa pang'ono, ndipo mitundu yolembedwa m'kaundula wa ophika imaposa 3,000. Mjeremani akakhala kunja chimene amachisowa koyamba ndi chimenechi. Pamene tingamvane nawo ndi pa kachewere, yemweyu wa ku Tsangano ndi ku Lizulu. Alimi a kumeneko poyamba ankamukana, mpaka mfumu Frederick ya ku Prussia inachita kulamula, makamaka mu 1756, kuti abzalidwe pofuna kuthana ndi njala. Lero alendo okaona manda a mfumuyo ku Potsdam amasiyapo kachewere m'malo mwa maluwa.

Mukapita kumalo odyera ndi anzanu, woperekera zakudya amafunsa ngati mulipira pamodzi kapena aliyense payekha, ndipo kawirikawiri yankho limakhala payekha. Aliyense amawerenga zake mpaka senti. Pa tsiku lokumbukira kubadwa, mwini tsikulo ndiye amabweretsa keke kuntchito. Ngongole amaiopa, ndalama yogwira m'manja amaikonda kuposa anansi awo ambiri, ndipo akafuna kufotokoza chifukwa amatchula chaka cha 1923, pamene ndalama yawo inagwa mpaka buledi mmodzi kufika 200 biliyoni. Ife amene tinaona kwacha ikutsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023 mantha amenewa sitingawaseke.

Tsopano tifike pa phata la nkhani. N'chifukwa chiyani munthu angakhale zaka 20 khomo loyandikana ndi mnzake osapemphako mchere? Yankho lalifupi ndi loti sakumufuna. Ntchito zonse zimene kuno zimagwiridwa ndi mbumba, amalume, mpingo ndi mudzi, uko anazisamutsira kumapepala kalekale. Mtsogoleri wawo Otto von Bismarck, poopa kuti antchito a m'mafakitale angaukire, anakhazikitsa inshuwalansi ya matenda mu 1883, ya ngozi za pantchito mu 1884, ndi penshoni ya ukalamba mu 1889. Mu 1995 anawonjezera ina yosamalira okalamba ndi odwala amene sangathe kudzisamalira. Mwana aliyense boma limamupatsa ndalama mwezi ndi mwezi, imene mu 2025 inali mayuro 255. Sukulu za boma n'zaulere, ndipo m'mayunivesite ambiri a boma munthu amangolipira kandalama kochepa pa teremu.

Zonsezi si mphatso. Wantchito wosakwatira wolandira malipiro apakati amaona gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a ndalama zake likudulidwa asanazigwire. Mphunzitsi wa ku Manjawira naye amadulidwa chimodzimodzi, kungoti womudula ali ndi nkhope: mphwake wofuna fizi, alongo ake ofuna feteleza, apongozi amene agonekedwa kuchipatala. Mjeremani amathandiza anthu amene sadzawaona, ndipo naye amathandizidwa ndi anthu amene sadzawathokoza. Ndiye akamaumirira kuti fomu ilembedwe bwino, kuti msonkho usazembedwe, kuti aliyense adikire nyali yobiriwira ngakhale msewu uli mbee, amakhala akuteteza chinthu chokhacho chimene chidzamusunge akadzakalamba. Wozemba lamulo, m'maso mwake, ali ngati munthu amene kuno sapita kumaliro a anzake.

Maliro omwewo ndiwo amaonetsa kusiyana konse. Kuno uthenga ukangomveka, makasu amagona. Amfumu amauzidwa, masamba amaikidwa pamsewu, amayi amalowa m'nyumba ya siwa, amuna amachezera pamoto, adzukulu amalawirira kumanda, ufa ndi nkhuni zimachokera khomo lililonse. Palibe woitanidwa chifukwa palibe wosaitanidwa. Paja amati maliro n'kulirana. Ku Germany munthu akatsirizika, banja limaimbira kampani yoika maliro. Iyo ndiyo imatenga thupi, kulisambitsa, kukonza bokosi ndi mapepala onse. Mwambo umachitika patapita sabata kapena kuposerapo, pa ola lopangana, ndipo umatha mwina ola limodzi lisanakwane. Obwera ndi amene alandira kalata kapena aona chidziwitso m'nyuzipepala. Kulira mokweza kulibe. Akachoka kumanda amakamwa khofi ndi keke, mawa lake kuntchito. Oposa magawo awiri mwa atatu a omwalira masiku ano amawotchedwa, ndipo m'zigawo zambiri lamulo limati ngakhale phulusalo likaikidwe kumanda ovomerezeka.

Chimene chimamuimitsa mutu Mmalawi ndi ichi: manda ndi a lendi. Banja limalipira zaka 20, 25 kapena 30, malinga ndi malo. Nthawiyo ikatha popanda wolipiranso, mwala umachotsedwa ndipo malowo amapatsidwa wina. Wofa wopanda mbale amaikidwa ndi ofesi ya mzinda, nthawi zina popanda woperekeza ndi mmodzi yemwe. Komabe manda awo ndi osamalika kuposa minda yathu yamaluwa, ndipo mudzapeza nkhalamba ili ndi kandowa ikuthirira pamanda a mwamuna wake sabata iliyonse. Chisoni chilipo. Chimene palibe ndi gulu.

Eni ake amaudziwa mtengo wa moyo woterewu. Pa nyumba 100 zilizonse, pafupifupi 41 mumakhala munthu mmodzi yekha. M'nyengo yachisanu, pamene mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko, munthu akhoza kutha masiku osayankhula ndi wina aliyense, ndipo mu 2023 boma linafika pokhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi kusungulumwa. Koma tisawanamizire. Mbiri yoti onse amataya makolo awo kunyumba zosungira okalamba si yoona: oposa anayi mwa asanu alionse ofunika chisamaliro amasamalidwa pakhomo, ambiri ndi akazi awo, amuna awo kapena ana awo. Ndipo mtsikana wa kumeneko akakuuzani kuti palibe malume amene angamuuze wokwatirana naye, kapena mlamu amene angabwere kudzalanda katundu mwamuna akamwalira, muyenera kuvomereza kuti pa zimene anataya anapezapo kanthu.

Nanga mudzi wawo uli kuti? Uli m'makalabu. Anthu 7 akagwirizana akhoza kulembetsa bungwe, ndipo mabungwe otere alipo oposa 600,000: a mpira, a kwaya, a oweta njuchi, a olima timadimba ta m'mphepete mwa mizinda, a owombera chandamale. Lililonse lili ndi wapampando, msungichuma ndi malamulo olembedwa, ngati banki m'khonde yosatha. M'midzi ndi m'matauni ang'onoang'ono ozimitsa moto si olembedwa ntchito. Ndi anthu wamba pafupifupi 1 miliyoni, akalipentala, alimi, aphunzitsi, amene belu likalira usiku amadzuka kukazimitsa nyumba ya munthu amene mwina sanamupatsepo moni. Mlendo wofuna mabwenzi alowe m'kalabu. Ubwenzi wake umachedwa kupsa, koma ukapsa sutha msanga.

Pali khomo limodzi limene mlendo ayenera kugogoda mosamala, la mbiri yawo. Ulamuliro wa Hitler, kuyambira 1933 mpaka 1945, unapha Ayuda 6 miliyoni, ndipo mwana aliyense wa sukulu amaphunzitsidwa zimenezi mosabisa. Kukana kuti zinachitika ndi mlandu, kuchita sawatcha ya chipani cha Hitler ndi mlandunso. M'misewu muli timiyala tamkuwa toposa 100,000, m'dzikolo ndi m'mayiko oyandikana nalo, ntchito imene anayambitsa mmisiri Gunter Demnig: kalikonse kali pakhomo la nyumba imene munthu anatengedwamo, ndipo kali ndi dzina lake. Nthabwala za Hitler, zimene anyamata kuno amaponyerana, kumeneko zimaziziritsa nyumba yonse.

Za ku Africa ndiye ambiri sazidziwa bwino. Bismarck yemwe uja wa penshoni ndi amene anaitanitsa msonkhano wa ku Berlin wa 1884 mpaka 1885, umene unaika malamulo ogawanirana Africa. Kuphedwa kwa Aherero ndi Anama ku Namibia, kuyambira 1904 mpaka 1908, boma lawo linavomereza mu 2021 kuti kunali kufuna kufafaniza mtundu. Nkhani ina imatikhudza ife a ku Ntcheu. Angoni a kwa Maseko, asanakhazikike ku Domwe, anafika mpaka ku Songea motsogozedwa ndi Mputa, ndipo atamwalira iye, Chidyaonga ndiye anawabweza kummwera. Angoni ena anatsala komweko. Amenewo ndiwo anamenya nawo nkhondo ya Maji Maji ya 1905 mpaka 1907, ndipo mu 1906 Ajeremani anapachika mafumu ndi nduna zawo zambiri ku Songea, kuphatikizapo nduna Songea Mbano, amene mutu wake unatengedwa. Pa 1 Novembala 2023 pulezidenti Frank-Walter Steinmeier anapita ku Songea, anakumana ndi zidzukulu za nduna ija, napempha chikhululuko, nalonjeza kuti ayesetsa kufufuza kumene chibadecho chili.

Anthu a chigawo chathu chino amene anakhala pakati pa Ajeremani mwaunyinji ndi anansi athu a ku Mozambique. Pa 24 Febuluwale 1979 boma la Samora Machel linasainirana pangano ndi East Germany, dziko la kuvuma lija. Akatswiri achijeremani anabwera kudzagwira ntchito, ena kumigodi ya malasha ya ku Moatize m'chigawo cha Tete, ndipo achinyamata a ku Mozambique pafupifupi 17,000 anapita kukagwira m'mafakitale a uko. Ana enanso pafupifupi 900 anakaphunzira kusukulu ya ku Staßfurt kuyambira 1982. Anaphunzira chiyankhulo, anazolowera chisanu ndi buledi wakuda, ena anabereka ana. Anaonanso nkhanza: mu 1991 Jorge Gomondai anafa ku Dresden atachitidwa chipongwe ndi achinyamata osankhana mitundu mu sitima ya mumzinda, ndipo chaka chomwecho nyumba zogona antchito obwera zinagendedwa ku Hoyerswerda.

Gawo la malipiro awo, limene pa nthawi ina linafika 60 peresenti ya ndalama zopitirira mlingo woikika, linkadulidwa, ndipo ankauzidwa kuti akalipeza kwawo. Kwenikweni ndalamazo zinkawerengeredwa pa ngongole imene Mozambique inali nayo ku East Germany. Mayiko awiri a Germany aja atagwirizana mu 1990, mafakitale ambiri a kuvuma anatsekedwa ndipo ochuluka mwa antchitowa anabwezedwa. Kwawo anawapatsa dzina loti Madgermanes. Boma la Germany limati mbali yake linakwaniritsa, nkhani yatsala ndi Maputo. Mu 2019 ena mwa iwo anakumana ndi Ajeremani owafunira zabwino ku Magdeburg n'kulemba chikalata chopempha kuti nkhaniyo iunikidwenso. Ambiri tsopano imvi zili mbuu, ndipo akhala akuguba Lachitatu m'misewu ya Maputo kwa zaka zoposa 30, atanyamula mbendera za Germany ndi mapepala awo akale osonyeza ndalama zimene ankadulidwa mwezi uliwonse.